"Adadzifunira": Mawu Otseka Mlandu Usanazengedwe

Kumathero a sabata, kunja kukangoyera, magalimoto a matayala akuluakulu amatuluka m'mipanda ya ku Fourways, kumpoto kwa Johannesburg, n'kulowa mu msewu wa R511. Amadutsa Diepsloot kulowera kumapiri a ku Hennops ndi madera ena otere, kumene eni ake amakayesa mphamvu za Hilux, Land Cruiser ndi Ranger pa miyala, m'matope ndi m'zigwembe. Kuyendetsa galimoto kopanda msewu ndi masewero okondedwa m'dera limeneli, ndipo pali chifukwa chonyadira: Giniel de Villiers wa ku South Africa adapambana mpikisano wa Dakar mu 2009, ndipo magalimoto a Hilux amene adapambana mpikisano womwewo mu 2019, 2022 ndi 2023 adakonzedwa kufupi ndi Kyalami, mtunda waufupi kuchokera ku Fourways.

Nkhaniyi ikuwakhudza Amalawi chifukwa ambiri mwa iwo okhala ku Diepsloot, Cosmo City ndi Zandspruit amagwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa ya ku Fourways komweko. Kumasewero otere ena amapitako kukaonerera, ena amapitako pa ntchito: kuotcha nyama, kulondera magalimoto, kuyang'anira ana a abwana. Onsewo amaima m'mbali mwa njira imene chitsulo cholemera matani awiri chikudutsa mwaliwiro.

Ndipo pamene kanema wa galimoto yolowa m'gulu la anthu wayamba kuzungulira pa WhatsApp kapena pa Facebook, kaya wajambulidwa dziko liti, chigamulo chimabwera msanga kuposa ambulansi: "Adadzifunira. Amakatani pamenepo?" Chigamulo chimenechi chimamveka chanzeru, chauchikulire, cha munthu wosanyengerera. Koma n'chaulesi, ndipo chimapindulira munthu mmodzi yekha, amene adakonza masewerowo n'kutolera ndalama pachipata. Kudzisamala ndi langizo labwino kwa munthu wamoyo. Langizo lomwelo likasanduka chigamulo pa mtembo limakhala chinyengo, chifukwa limasenzetsa katundu yense munthu amene adali ndi chidziwitso chochepa ndi mphamvu zochepa pa onse amene adali pamalopo.

Mawuwo payokha ndi oyenera kuwaphwanya. Mu "adadzifunira" muli kachidutswa ka -dzi-, kamene kamabweza ntchito kwa mwini wake, monga mu "kudzicheka" ndi "kudzinamiza". Wochita ndi wochitiridwa amakhala munthu mmodzi. M'chiganizo chotere mulibe malo a woyendetsa, mulibe malo a mwini malo, mulibe malo a amene adamanga chingwe chotchingira anthu pakona yolakwika. Mneni mmodzi wazenga mlandu, wagamula, watseka bwalo.

Chichewa chili ndi njira inanso yobisira wochita, ndipo imayenda limodzi ndi yoyambayo. Munthu anganene kuti "mbale yaswedwa ndi mwana", koma sanganene kuti "mbale yasweka ndi mwana" potanthauza kuti mwana ndiye waswa. Mneni wothera mu -ka salandira wochita. Izi adazifotokoza bwino Sam Mchombo m'buku lake la 2004 la kaumbidwe ka ziganizo za Chichewa. N'chifukwa chake nkhani za ngozi zimadzaza ndi aneni otere: chingwe chaduka, galimoto yagubuduka, mpanda wagumuka, mwendo wathyoka. Zonse zimachitika zokha ngati mvula. Zikaphatikizidwa ziwirizi, chithunzi chimatuluka chokhota: zitsulo zidangochitika, koma munthu adadzifunira. Chinthu chimene chili ndi mwini, chiwongolero ndi mabuleki chimayankhulidwa ngati mphepo, ndipo munthu amene adangoima chilili ndiye yekha amapatsidwa chifuniro.

Vuto silili m'chinenero, pakuti chinenero chomwecho chili ndi "adadula", "adagubuduza", "adagumula". Vuto lili pa kusankha kwa woyankhula.

Kuti munthu afune chinthu ayenera kuchidziwa. Tsono n'chiyani chimene woonerera wamba amadziwa za galimoto yothamanga pa dothi? Galimoto yoyenda makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Munthu woima mamita 10 kuchokera pamene galimotoyo yaphonya njira amakhala ndi nthawi yosakwana theka la sekondi, nthawi imene siikwanira ngakhale kutembenuza phazi. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imafuna kuti iime umawirikiza kanayi, ndipo pa miyala yoyoyoka kapena pa udzu wonyowa mtundawo umatalika kuposa pa phula. Galimoto ikadumpha pachitunda, matayala ake ali m'malere, chiwongolero ndi mabuleki zonse sizigwira ntchito kufikira itatera. Ikalephera kukhota, imapitirira kunja kwa kona, kumene kumaonekera bwino masewero ndiponso kumene anthu osadziwa amakonda kuunjikana.

Ngakhale pamene palibe liwiro ngozi ilipo, ndipo iyi ndiyo imayandikira kwambiri amene amapita kumasewero pa ntchito. Galimoto ikatitimira m'matope imakokedwa ndi lamba wotamuka, amene amasunga mphamvu monga mphira wa legeni. Ngati lambayo wakolowekedwa pa chitsulo chobulungira chokokera ngolo, chitsulocho chikhoza kuthyoka n'kuuluka ngati chipolopolo, ndipo chapha kale anthu m'maiko angapo. Odziwa masewerowa amaphunzitsana kuti pokoka galimoto aliyense aime patali kuposa kutalika kwa chingwe, ndipo asaime molunjikana nacho. Mwini galimoto amene adachitako maphunziro amazidziwa izi. Mnyamata wa ku Mzimba kapena ku Mangochi amene wauzidwa kuti "thandiza pamenepo" sazidziwa, ndipo maso ake sangamuuze, chifukwa lamba wotamuka amaoneka wachete ngati chingwe choyanikapo zovala.

Apa ndi pamene mwambi wakuti tsoka silinunkha umagwiritsidwa ntchito molakwika. Kwa woonerera silinunkhadi. Kwa wokonza masewero limanunkha patali: amadziwa kona iliyonse, chitunda chilichonse, ndi mbali imene galimoto idzagwere ikalephera. Ngozi za m'masewerowa sizigwa paliponse. Zimagwa m'malo odziwika kale.

Phunziro loyamba silili kutali ndi Fourways. Pa 5 Malichi 1977, pa mpikisano wa South African Grand Prix ku Kyalami, galimoto ya Renzo Zorzi idaima m'mbali mwa njira n'kuyamba kuyaka pang'ono. Anyamata awiri olondera njira adathamanga kuoloka kuti akazimitse. Woyamba adaoloka. Wachiwiri, Frederik Jansen van Vuuren, wa zaka 19, atanyamula chozimitsira moto cholemera makilogalamu 18, adagundidwa ndi galimoto ya Tom Pryce imene idatulukira pachitunda pa liwiro la makilomita pafupifupi 270 pa ola. Mnyamatayo adafera pomwepo, ndipo chozimitsira motocho chidamenya Pryce m'mutu n'kumupha nayenso. Umenewu sudali mpikisano wa kutchire, koma phunziro lake ndi lomwelo. Mnyamatayo adaolokadi popanda chilolezo. Kodi tsono adadzifunira? Adafuna kupulumutsa munthu ku moto. Chimene sadachidziwe n'chakuti chitunda chidali kubisa magalimoto amene ankabwera. Cholakwa chake chidalipo, koma masewero a magalimoto othamanga akadakhutira ndi mawu akuti "adadzifunira", sakadasintha kaphunzitsidwe ka olondera njira ndi malamulo a nthawi imene munthu angalowe m'njira. Kusintha kumabwera pokhapokha pamene funso lapitirira munthu wakufayo.

Phunziro lachiwiri ndi la ku Portugal mu Malichi 1986. Masiku amenewo anthu ankadzaza mu msewu weniweniwo, n'kumapatuka galimoto ikafika pafupi, ena n'kumayesa kuikhudza. Kufupi ndi Sintra, Ford RS200 ya Joaquim Santos idaphonya njira n'kulowa m'khamu. Anthu atatu adafa, oposa 30 adavulala. Ngati pali malo amene mawu akuti "adadzifunira" akadamveka oona, ndi pamenepa. Koma oyendetsa otchuka a makampani akuluakulu, amene akadatha kusamba m'manja mosavuta, sadatero. Adasonkhana n'kukana kupitiriza mpikisanowo, ponena kuti okonza adalephera kulamulira khamu. Amene ankadziwa bwino kuposa aliyense zimene galimotozo zingachite adaloza chala kwa okonza. Miyezi iwiri pambuyo pake, Henri Toivonen ndi mnzake Sergio Cresto atafa ku Corsica, magalimoto a gulu limenelo, lotchedwa Group B, adaletsedwa kuyambira kutha kwa chakacho.

Phunziro lachitatu ndilo lofanana kwambiri ndi masewero a kutchire. Pa 14 Ogasiti 2010, pa mpikisano wa California 200 m'chipululu cha Mojave ku America, galimoto idadumpha pachitunda, idatera molakwika n'kugubudukira pa anthu, ndipo anthu 8 adafa. Lamulo la okonza lidalipo pa pepala: oonerera aime mamita pafupifupi 30 kuchokera m'njira. Koma anthu adali ataima mamita ochepa chabe, popanda mpanda, popanda wowabweza. Bungwe la boma loyang'anira malowo, Bureau of Land Management, litafufuza lidavomera lokha kuti silidatsate ndondomeko zake popereka chilolezo ndi poyang'anira mpikisanowo. Lamulo lolembedwa lopanda munthu wolisunga ndi chokongoletsera chabe. Ntchito yake yeniyeni imaoneka tsiku la mlandu, pamene wina amalitulutsa m'kabati n'kunena kuti "tidawauza".

Phunziro lachinayi ndi la mu Africa muno, ndipo ndi limene likuvula chigamulochi n'kuchisiya poyera. Mu 2006 mpikisano wa Dakar udapha ana awiri aamuna m'masiku otsatizana, mmodzi ku Guinea, wina ku Senegal. Sadali oyamba, mu 1988 ana ndi amayi adafa m'njira ya mpikisano womwewo. Ana amenewa sadagule tikiti, sadawerenge chikwangwani, sadasaine pepala. Sadapite kumpikisano, mpikisano ndiwo udabwera kwawo. Komabe Dakar siidachoke mu Africa chifukwa cha iwo. Idachoka mpikisano wa 2008 utalephereka chifukwa cha ziopsezo za zigawenga ku Mauritania, pamene miyoyo ya opikisana ndiyo idali pachiswe, ndipo mu 2009 idasamukira ku South America. Zimenezi zikusonyeza kuti okonza amatha kuimitsa chilichonse akaona kuti moyo umene uli pangozi ndi wamtengo. Funso silikhala lakuti kodi n'zotheka kuteteza anthu. Limakhala lakuti ndi anthu ati.

Pobwerera ku Gauteng, chida chachikulu cha mawu akuti "adadzifunira" ndi chikwangwani cha pachipata. M'malo ambiri ochitira masewero ku South Africa pamalembedwa kuti "Enter at your own risk", kenaka mizere ing'onoing'ono yachingerezi cha maloya. Chikwangwani chimenechi n'choyenera kuchiyerekeza ndi china chimene aliyense wokhala m'dzikolo amachidziwa, cha pa nyumba za magetsi: "Danger, Gevaar, Ingozi". Chachiwirichi chidalembedwa kuti munthu asafe. Mawu ake ndi atatu, m'zinenero zitatu, ndi chithunzi pambali, ndipo Mmalawi amene wangotsika basi dzulo amamva "ingozi" ya Chizulu popanda womasulira, chifukwa ndi ngozi yomweyo ya kwawo. Choyamba chija chidalembedwa kuti mwini malo asalipire. Sichinena kuti ngozi ili pati, sichinena kuti munthu aime kuti. Chimayankhula ndi woweruza, osati ndi munthu amene akulowa. Chenjezo limene silinena chimene munthu achite, ndipo lili m'chinenero chimene iye sachimva bwino, si chenjezo.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo a South Africa enieniwo ndi achifundo kuposa anthu amene amathamangira kunena kuti "adadzifunira". N'zoona kuti makhoti akhala akulemekeza zikwangwani zotere. Mlandu wodziwika wa Durban's Water Wonderland ndi Botha, umene khoti lalikulu la apilo lidagamula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, udakomera mwini malo. Koma lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2011, lidasintha zinthu. Gawo 49 likunena kuti chidziwitso chochepetsa udindo wa mwini malonda chilembedwe m'mawu osavuta, chionekere, ndipo munthu achione asanalowe. Ndipo ngati pali chiopsezo chimene chingavulaze kwambiri kapena kupha, mwini malondayo amuuze munthuyo mwachindunji za chiopsezocho, mtundu wake ndi zotsatira zake. Gawo 51 likuletsa kuzemba mlandu wa kusasamala koonjeza, kaya chikwangwani chinene chiyani. Ndipo lamulo lakale la 1956, Apportionment of Damages Act, limalola khoti kugawa cholakwa: ngati wovulalayo adalakwitsa mbali ina, chipepeso chake chimachepetsedwa molingana ndi mbaliyo, koma sichifafanizidwa chonse. Khoti limagawa mlandu. Pakamwa pa anthu ndi pamene mlandu wonse umaunjikidwa pa mmodzi.

Palinso lamulo la 2010 la chitetezo pa masewero ndi zosangalatsa, Safety at Sports and Recreational Events Act. Limeneli lidabadwa m'misozi ya ku Ellis Park, kumene pa 11 Epulo 2001 anthu 43 adafa pokanikizana pa masewero a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates, ndipo komiti yotsogozedwa ndi woweruza Bernard Ngoepe idafufuza chimene chidachitika. Lamulolo limaika udindo wa chitetezo pa okonza, pa eni malo ndi pa mabungwe oyendetsa masewero. Limafuna kuti apolisi ayese kukula kwa chiopsezo masewero asanachitike, ndi kuti pakhale inshulansi yolipira anthu ovulala. Koma lidalembedwa poganizira masitediyamu ndi malo olowa anthu 2,000 kapena kuposa. Kagulu ka magalimoto makumi awiri kokumana pa famu Loweruka masana n'kosavuta kudutsa pansi pa ukonde umenewu, ndipo kumeneko n'kumene wantchito wa m'munda amapezeka atagwira lamba wokokera.

Amalawi safunika kuphunzitsidwa za khamu ndi zipata. Pa 6 Julayi 2017, pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira, anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa popondana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe, zipata zitachedwa kutsegulidwa. Palibe munthu wamtima amene adanena kuti anawo adadzifunira. Aliyense adafunsa kuti ndani adasunga makiyi, ndani adakonza ndondomeko, ndani adalamula. Nanga funso lomwelo limasowa bwanji pamene wakufayo waphedwa ndi galimoto ya munthu wolemera kutchire la ku Gauteng? Kapena mwina n'chifukwa chakuti mlendo amazolowera kudziona wolakwa pa chilichonse chomugwera m'dziko la eni, mpaka amayamba kuweruza anzake ndi muyeso womwewo.

Chichewa chili ndi liwu limodzi limene likadathetsa mkanganowu likadamvetsedwa bwino: udindo. Liwuli limatanthauza zinthu ziwiri nthawi imodzi, mpando umene munthu wakhalapo ndi ntchito imene ayenera kuyankhapo. "Ali pa udindo waukulu" ndi "ndi udindo wake" ndi liwu lomwelo. Makolo sadalekanitse ziwirizi chifukwa sizilekana: kukula kwa mlandu kumatsata kukula kwa mpando, monga mutu ukakula sulewa nkhonya. Pa bwalo la gule zimaoneka poyera. Chilombo chachikulu chikamalowa m'bwalo chikuzungulira ndi fumbi, sasiyira mwana aliyense kuti adziyesere yekha poima. Pamakhala akuluakulu a bwalo amene amabweza anthu m'mbuyo, n'kukuza bwalo gule asanafike, ndipo ng'oma zimatha kudikira kufikira malo atakwanira. Mwini mzinda sanganene kuti "ndidalengeza kuti gule ndi woopsa" n'kukhala pansi. Amene waitana anthu ndiye mwini bwalo, ndipo mwini bwalo ndiye amayankha. Chimodzimodzi wokumba mbuna m'njira yodutsa anthu: sangapulumuke ponena kuti wogweramo adali ndi maso.

Izi sizikutanthauza kuti woonerera alibe mpando. Ali nawo, waung'ono koma weniweni, ndipo kuukana ndi kumunyoza ngati kuti ndi mbuzi yosamva. Pali anthu amene amauzidwa katatu n'kubwerera pomwepo. Pali amene amadumpha chingwe kuti ajambule kanema wapafupi, maso ali pa foni, msana ataulozetsa kumene galimoto ikuchokera. Pali amene amamwa kuyambira m'mawa n'kumatukwana wolondera njira, ndipo pali makolo amene amasiya mwana akuthamangathamanga iwo ali pa nyama. Amenewa ndi amene mwambi umati adamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo choipitsitsa n'chakuti saika pangozi moyo wawo wokha. Woyendetsa amene akuzemba munthu mmodzi woima m'njira amatha kugwera anthu khumi amene adaima pabwino, ndipo iye mwini amasenza imfayo moyo wake wonse.

Choncho zimene woonerera angathe n'zoyenera kunenedwa mosabisa, ndi kuuzana m'Chichewa momveka. Asaime kunja kwa kona. Asaime kumene galimoto imatera ikadumpha, kapena kumunsi kwa chitunda chimene galimoto ikukwera, pakuti ikalephera imabwerera kapena kugubudukira komweko. Aime pamalo okwera, kumene kumbuyo kuli kothawira, osati atatsamira mpanda. Asakhale pansi pafupi ndi njira, ndipo asaitembenukire msana. Galimoto imodzi ikadutsa asaoloke, chifukwa fumbi lake limabisa inzake. Pokoka galimoto yotitimira atalikire. Mwana akhale m'dzanja. Ndipo wantchito amene wauzidwa kugwira chingwe chimene sadaphunzitsidwe ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira kuti, "Bwana, ndiime pati?" Mbewa ya manyazi idafera kuuna, malipiro a tsiku limodzi sangalipire bokosi lopita ku Nkhata Bay.

Koma aliyense woona mndandanda umenewu aone chinthu chimodzi: zonsezi ndi zophunzitsidwa. Palibe amene amabadwa akudziwa kuti kunja kwa kona n'koopsa kuposa mkati. Udindo wa woonerera umayamba pamene wauzidwa, m'chinenero chimene amamva, ndi munthu amene ali ndi mphamvu yomubweza. Usanafike pamenepo, udindo uli kwa amene akudziwa. Amene amalalikira za udindo wa munthu payekha koma osafuna kulipira olondera njira, osafuna kumanga chingwe pamalo oyenera, osafuna kutaya mphindi zisanu kufotokozera antchito, sakhulupirira udindo ayi. Akungofuna kuti ukhale wa wina.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yolemera, ndipo n'kosayenera kuizemba. Amati kukoma kwa masewero a kutchire kuli pa ufulu wake: palibe mipanda ya konkire, palibe mipando ya manambala, munthu amamva fumbi ndi kulira kwa injini pafupi. Amati njira ya makilomita mazana singatchingidwe yonse, ndipo inshulansi ndi malamulo zikachuluka, timagulu tating'ono tidzatseka, masewero n'kutsala a olemera okhaokha. Mbali ina ndi zoona. Palibe amene angamange mpanda kuzungulira chipululu cha Kalahari. Koma anthu saunjikana m'chipululu monse; amaunjikana pachitunda chodumphira, pa chithaphwi chamatope, pakona yakuthwa, malo owerengeka amene wokonza amawadziwa ndi maina. Zofunika pamenepo n'zotsika mtengo: chingwe chomangidwa patali pokwanira, zikwangwani zonena kuti "pano ayi" ndi chithunzi, anthu ovala zoonekera amene amamveredwa, ndi lamulo limodzi losasinthika lakuti anthu akakana kusuntha, magalimoto aima. Mipikisano ikuluikulu ya dziko lonse, kuphatikizapo Safari Rally ya ku Kenya imene idabwerera pa mndandanda wa dziko lonse mu 2021, imatumiza magalimoto oyendera njira opikisana asanayambe, ndipo gawo la mpikisano limaimitsidwa ngati anthu aima poipa. Lamulo limeneli limagwira ntchito chifukwa limasandutsa khamu lonse kukhala alonda: munthu mmodzi wouma mutu akachedwetsa masewero, anzake omwe ndiwo amamukoka.

Ndipo mbiri ikutsutsa mantha akuti chitetezo chimapha masewero. Chimene chimapha masewero ndi maliro. Pa 11 Juni 1955 ku Le Mans, galimoto ya Pierre Levegh idaulukira m'khamu n'kupha anthu oposa 80, ndipo dziko la Switzerland lidaletsa mipikisano ya magalimoto ozungulira bwalo kwa zaka makumi ambiri. Group B idatha chaka chomwe chija cha Sintra ndi Corsica. Wokonda masewerowa moona ayenera kukhala woyamba kufuna chingwe ndi olondera, chifukwa tsiku limodzi loipa likhoza kutseketsa malo amene adamangidwa zaka makumi awiri.

Phunziroli likupitirira magalimoto a kutchire. Masewero ozunguza magalimoto, amene adakulira m'makomboni monga Soweto ndi BMW 325i yotchedwa gusheshe, tsopano ndi ovomerezeka, ndipo amakopa achinyamata ochuluka, Amalawi ali momwemo. Kumeneko anthu amaima pafupi kwambiri ndi galimoto kuposa kutchire. Kumene kuli mpanda wolimba ndi oyang'anira, ndi masewero. Kumene achitikira pamphambano usiku, khamu lenilenilo ndilo limakhala mpanda. Muyeso ndi umodzi kwa mwini Land Cruiser wa ku Fourways ndi kwa mwini gusheshe: amene waitana anthu wakhala pampando, ndipo mpandowo uli ndi udindo wake.

Tsono pamene kanema wina wafika, pakamwa pasanatuluke "adadzifunira", pali mafunso anayi oyenera kuyankhidwa. Ndani adadziwa kuti malowo ndi oopsa? Ndani adali ndi mphamvu yosuntha anthu kapena yoimitsa magalimoto? Munthuyo adauzidwa chiyani, ndi yani, m'chinenero chanji? Ndipo ndani adapindula ndi kupezeka kwake pamalopo? Nthawi zina mayankho adzabwerera kwa wakufayo, ndipo pamenepo zinenedwe mosaopa, kuti amoyo aphunzire. Koma kawirikawiri adzaloza kwa munthu wina amene ali moyo, ali ndi dzina, ali ndi inshulansi, ndipo akumvetsera mwachimwemwe pamene abale a womwalirayo akumutsekera okha mlandu ndi mneni mmodzi.